Chitoliro Chonyikidwa M'nyanja

Panali munthu wina ku Ngala, msodzi, dzina lake Abdulwahab. Bambo ake pomwalira anamusiyira chitoliro chakale cha mtengo wa phingo, chimene ankaliza pa ukwati uliwonse wa pabanjapo. Mwana wake Zainab atatsala mwezi umodzi kuti akwatiwe, anapempha chinthu chimodzi chokha: "Ababa, tsiku langa chilire chitoliro cha agogo."

Koma chitolirocho chinali ndi mng'alu, mpweya unkangothawa. Abdulwahab anapita nacho kwa a Fakiri a ku Malengachanzi, mmisiri wosema zitoliro.

"Mtengowu wauma," anatero a Fakiri. "Muzichipaka mafuta a nsatsi pang'onopang'ono, pamthunzi, masabata atatu. Kenako mubwere ndidzamate ndi phula. Madzi ayi, dzuwa ayi. Mwamva?"

"Ndamva, akulu."

Kumva kwake kuti! Atafika padoko anauza mnzake Kingston, wokonza mabwato. Kingston anaseka. "Masabata atatu? Nanga bwato likang'aluka timatani? Timalinyika, mtengo ufufuma, basi. Mtengo ndi mtengo, achimwene."

Abdulwahab anamangirira chitoliro kumwala n'kuchinyika m'nyanja masiku awiri. Pochivuula, mng'alu uja unalidi utatsekeka. Chimwemwe chake, eee! Ndiye anachiika pathandala, pambali pa usipa, kuti chiume. Dzuwa lili paliwombo, kunangomveka kuti thwa! Chitoliro chang'aluka kuyambira pakamwa mpaka kumunsi.

Mtima unamuwawa koopsa. Anabwerera kwa a Fakiri nkhope ili pansi. Mkuluyo anaseka mpaka misozi. "Munachiyanika ndi usipa? Bwanji osathira ndi mchere womwe?"

Komabe anakhala nacho pansi masabata onse otsalawo, kumata ndi phula, kukulunga ndi ulusi. Pomupatsa anati, "Chilira ndithu, koma mawu ake akale aja musawayembekezerenso."

Tsiku la ukwati Abdulwahab anaimirira n'kuuzira chitoliro chija. Chinalira mosasa mawu, koma nyimbo inali yomwe ija. Zainab anapukuta misozi uku akuseka.

"Agogo abwera ndi chimfine, ababa," anatero, "koma abwera ndithu."

Phunziro: Nzeru za padoko zithere padoko. Mmisiri akati dikira, dikira, chifukwa si chilichonse chimene chimamatika chikang'aluka kawiri. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka aja amavomera "ndamva" asanamve.