Chotchinga Dzuwa cha a Paison

Wodzagula galimoto akugogoda pawindo, koma ine sinditulukamo.

Galimoto ya malemu amuna anga, a Paison, yakhala padzuwa chiyambire m'mawa, chotchinga chawo chonyezimira chili pagalasi lakutsogolo. Ndinkawanyoza ine: "Kapepala aka kangalimbane ndi dzuwa la Chipata?" Ndipo sindinaname, muno mukutenthabe ngati mu uvuni.

Koma chiwongolero sichikuwotcha. Ndachigwira, n'chofunda pang'ono chabe, ngati munthu wangochisiya kumene. Kamdima aka n'komwe ankagonamo masana ku Mwami podikira okwera, chipewa kumaso.

"Amayi, mtengo tagwirizana kale. Makiyi!"

Ndatsitsa windo pang'ono.

"Musakuwe, bambo inu, mungawadzutse. Lero sindigulitsa."