Chaka cha pa Mwala

"Sindichoka pano mpaka mundiuze wakubayo," anatero mayi Koviljka, akumenyetsa pepala la ku banki pa kauntala. "Ndalama zokwana madinala 90,000 zapita kwa Petronijević. Ine Petronijević sindimudziwa."

Dunja, kalaliki wa pa kauntalapo, anayang'ana pa kompyuta. "Mayi, zinalipidwa ndi khadi la amuna anu, a Svetozar."

"A Svetozar? Munthu wowerenga ndi machesi omwe? Awabera khadi amenewo. Imbani foni."

Dunja anaimbira Petronijević n'kukweza mawu a foniyo kuti mayiwo amve okha. Amene anayankha anali bambo wosema miyala ya pamanda.

"Eya, a Svetozar anabwera okha. Anagula mwala wa anthu awiri, iwo ndi akazi awo. Mayina ndi zaka zobadwa talemberatu, malo a chaka chomwalira tasiya."

Nkhope ya mayi Koviljka inafewa. "Nkhalamba imene ija," ananong'ona. "Tawerengani zimene mwalembazo."

"Svetozar, 1947. Koviljka, 1949."

Anthu a pamzere, ambiri anzawo a kutchalitchi, anatchera khutu. Mayi Koviljka anawongoka.

"Ndimanena ine kuti pali chinyengo. Tauni yonse ikudziwa kuti ndine wa 1955."

"Koma chiphaso chanu apa chikuti..." anayamba Dunja.

"Iwe mwana, wakufunsa ndani?" Anaweramira pa foni paja. "Bambo, kufufuta nambala pa mwala ndi ndalama zingati? Musachite kutchula. Mukadule pa khadi lomwelo."