Mkaka Sutsuka Mapapo

Panali munthu wina, kalipentala wa manja abwino, amene anayamba kutsokomola. Iye ankati ndi utuchi basi. Akaweruka ankamwa kapu ya mkaka monga amachitira anzake a ntchitoyi, ati kutsuka fumbi m'chifuwa.

Chifuwa sichinathe. Kuchipatala anamuyeza makhololo koma TB sanaipeze. Atamuuza kuti ayezetsenso HIV, anakana.

"Tandionani bwino, mayi a ana," anauza mkazi wake uku akuvula shati. "Chilonda chili pati? Banga lili pati? Odwala zimenezo amachita kuoneka."

Anapitiriza ndi mkaka wake uja. Kenako makhololo anayamba kutuluka ndi magazi. Tsiku lina mkazi wake anam'peza atakhala pansi m'shedi, ali wefuwefu, thabwa atalipala theka. Sanam'kalipire. Anangotola chopalira matabwa n'kuchiika m'chikwama.

"Ndiye mwandichotsa ntchito?"

"Ee, lero bwana ndine. Tiyeni. Ndiyamba ine kubayitsa chala, inu muzingoonerera."

Atafika kuchipatala bamboyo analephera kuima pamzere. Mayi wina wokolopa anasiya ndowa yake, n'kum'bweretsera mpando, osafunsa kanthu. Namwino naye anayamba watseka chitseko asanalankhule. Onse awiri anapezeka ndi kachilombo. Mkaziyo anam'konzera mwamuna wake kolala ya shati.

Adokotala atajambula chifuwa ndi kuunika m'njira za mpweya, anapeza khansa ya Kaposi, imene imakonda kugwira anthu amene chitetezo chawo chatsika.

"Nthawi zambiri imaonekera pakhungu," anatero adokotala. "Kwa inu yabisala m'mapapo. Sizichitikachitika, koma zimachitika."

"Ndichira, adokotala?"

"Mwachedwa, bambo, sindikunamizani. Koma mankhwala alipo, ma ARV ndi a khansa, ndipo ulendo wake ndi wautali."

Pobwerera ankayenda pang'onopang'ono, akupumira m'njira. Ali pafupi ndi nyumba, bamboyo anagwira dzanja la mkazi wake.

"Ndakulakwirani, mayi a ana."

"Zimenezo tidzakamba mukapeza mpweya wokangana nawo."

"Ndiye mawa mundidzutse msanga. Ndikufuna akatsegule chipatala ndili kale pakhomo pake."

Phunziro: Khungu losalala si chipatala, ndipo galasi siliyeza magazi. Chifuwa chikakana kutha, bwererani kuchipatala ndipo muyezetse HIV, ngakhale mukuoneka athanzi. Tumizirani abale anu uthengawu, makamaka uja amati, "Ine ndili bwinobwino."