Zilembo za pa Kompyuta ya Atate

"Maso anga atha, mwana wanga," ba Matthias anatero pafoni ali ku Mpanshya. "Zowerenga za pa Misa sindikuzionanso pakompyuta. Ndawauza ansembe apeze wina wowerenga m'tchalitchi."

Dzulo lake, Felistus ali ku Lusaka, analowa m'kompyuta ya atate ake kudzera pa intaneti kuti aikonze, ndipo anachepetsa zilembo kuti zonse zikwane pasikirini yake. Anaiwala kuzibwezera.

Analowanso mwakachetechete, nakulitsa zilembozo.

"Felistus! Ndikuona! Ambuye andichitira chifundo!" Mkuluyo anayamba nyimbo yothokoza, mawu akunjenjemera.

Felistus anatsegula pakamwa kuti aulule, koma anamva atate ake akulira.

"Amen, atate," anatero chapansipansi.