Mizere Isanu ya Wamagalasi

Chala cha asisi chinali kale pa batani lofufutira, koma kudina ayi.

Kamakina kowerengera madzi kanali patebulo, kotsegula pamimba. Kankangouma n'kusiya kugwira ntchito pakatha masiku atatu alionse, ndipo lero asisi anali atapeza chifukwa. Pulogalamu ya m'katimo inkatumiza funso ku seva, kompyuta yaikulu ya kutali, n'kukhala pansi kudikira yankho. Yankho likapanda kubwera, inkangodikirabe. Kachigawo kosesa memori, malo amene makina amasungira zinthu, sikakhudza chinthu chimene chikudikira, ndiye zodikirazo zinkaunjikana mpaka memori kudzaza thothotho.

Vuto lonseli linali m'mizere isanu yokha ya pulogalamuyo, abale inu! Amene anailemba ndi Wamagalasi, uja anakhala nawo desiki imodzi zaka zinayi kenaka n'kuchoka osatsanzika. Ena amati anakwatira kutali, ena amati anapeza ntchito yabwino, koma kwa asisi ngakhale kameseji, zii. Pamwamba pa mizereyo anasiyapo mawu: "Asisi, musaike malire apa. Yankho limabwera ndithu."

Abwana anasuzumira pakhomo. "Mwakagwira kachilombo kathu? Galimoto ikunyamula makina onse thu koloko, musatichititse manyazi."

"Ndakagwira, bwana. Pakungofunika malire a nthawi. Ikadikira mokwanira izisiya, memori isesedwe."

"Basi? Ndiye ikanitu! Masekondi angati?"

Asisi anayang'ana mpando wapambali, wa Wamagalasi uja, umene masiku ano amaunjikapo makatoni.

"Makumi atatu akwana."

Abwana atachoka, asisi anadina batani lija, n'kulemba 30. Kenaka anacheukira kukhomo, ndipo poona kuti kulibe munthu, anasintha n'kuika 60.