Sefa pa Diso la Dzuwa

Anambewe adakwera kumtunda atabisa sefa m'chitenje, akung'ung'udza njira yonse. Timoteyo adalonjeza kuti nsungwi yakeyo aizula pakatha sabata ziwiri. Mwezi unali kutha, nsungwi ili chiimire pakati pa malo amene adawasiyira malemu mayi awo.

Pamwamba pa nsungwiyo panali kabokosi koyera ngati kosungiramo sopo. Timoteyo, mwana wawo woyamba, wokonza mafoni ndi mawailesi pa Mkanda, adakagula pakaunjika kuboda. Kumene kadachokera kankayeza mvula ndi kutentha. Iye adakatsegula, n'kuchotsa kachitsulo koyezera kutenthako, n'kuwotchererapo kasola ka tochi yakufa, n'kuvindikira ndi galasi la wotchi. Akuti tsopano kakuyeza mphamvu ya dzuwa n'kumasunga manambala m'kati.

Kuyeza dzuwa? Lasanduka mtedza? Anambewe sukulu adalekezera sitandade 2, koma palibe venda adawaberapo pasikelo. Chimodzi ankachidziwa bwino: munthu akayamba kuyeza chinthu ndiye kuti wogula wapezeka.

Wogulayo ankamudziwanso. Mudzi wonse unkakamba za kampani yofuna malo oyalapo masola ake. Galimoto yake yoyera idadutsa kawiri, ulendo wachiwiri Timoteyo atakhala kutsogolo. Naye ukwati wake unali pafupi. Munthu wonyamuka kupita kuchikamwini, malo a mayi ake angamuwawe pati?

Tsiku lozika nsungwi Timoteyo adayesa kulankhula. Adangoti amayi takhalani pansi, pali nkhani ya akampani aja, Anambewe n'kumudula pakamwa. Adamuuza kuti malo sagulitsa, sabwereketsa, sakambirana, ndipo akadzatchulanso kampani pakhomo pawo mbale yake aiiwale. Timoteyo adazyolika, n'kungopempha masiku owerengeka.

Zoona, kumtundako ndi miyala yokhayokha, ngakhale nandolo amakana. Chimanga ndi mtedza wa banja lonse zimachokera kumunda wa kumsewu. Koma miyalayo inali yawo, ndipo adaisungira mwana wawo wamkazi, Stelia, kuti adzamangepo nyumba.

Kuphwanya kabokosiko kukadakhala kupusa, akadagula kena. Ndiye tsiku lina adafunsa ngati ongocheza: mtambo ukadutsa kamatani? Timoteyo adati manambala amatsika. Nanga akatsika kwambiri?

"Ndiye kuti malo ano sangawafune," adatero akuyang'ana kumbali.

Anambewe sadafunsenso. Adaganiza za lichero, koma lichero likadachititsa mdima masanasana, mwanayo n'kuzindikira. Sefa ya ufa ndiyo inali bwino: dzuwa lina lilowe, lina litsale kunja. Tsiku lililonse Timoteyo akapalasa njinga kupita kushopu, iwo ankakwera pamwala n'kuvindikira diso la kabokosiko, kuyambira cha m'ma 10 mpaka dzuwa litapendeka. Ankakhala pansi pa chitsamba akusenda mtedza, makutu ali kunjira.

Zinkagwira ntchito. Timoteyo m'mawa uliwonse ankapukuta galasi, kusintha mawaya, kusadzula nthambi zomwe sizinali n'komwe pafupi. Madzulo ankadya ngati wodwala. Anambewe ankamuwonjezera ndiwo, mumtima akuti aone.

Tsiku limenelo atangoika sefa, adamva injini. Adadumpha pamwala, bondo n'kulira, n'kukumbukira kuti sefa yatsala pamwamba. Adakweranso, kuitsomphola, kuiponya m'tchire. Galimoto yoyera idatulukira iwo akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

Adatsika Timoteyo ndi mayi wina wovala jekete lonyezimira, amene adati ndi injiniya wa kampani. Mayiyo adawapatsa moni atapinda mawondo. Anambewe adayankha ndi mutu wokha. Ulemu wa wogula ankaudziwa.

Timoteyo adatsitsa kabokosi, n'kusololamo kakhadi kochepa ngati chikhadabo. Mayiyo adakalowetsa m'laputopu pamwamba pa boneti. Onse awiri adawerama. Anambewe adaima kumbuyo kwawo, akuona timizere tokwera ndi kutsika tomwe sitinkawauza kanthu. Bwanji ngati sefayo inali yoboola kwambiri? Bwanji za masiku atatu aja adapita kumaliro ku Kapiri? Adayang'ana njira imene galimoto idadzera n'kusankha malo opapatiza. Zikavuta akagona pomwepo, awaponde.

Mayiyo adayendetsa chala pagalasi nthawi yaitali. Adafunsa ngati kabokosiko kadayesedwa bwino. Timoteyo adati adakafananiza ndi makina a akampani omwe tsiku loyamba, manambala adagwirizana. Adapempha sabata ina imodzi.

"Achimwene, ntchito mwaigwira yabwino, koma onani nokha," adatero mayiyo. "Nthawi imene dzuwa limafunika kwambiri, pano limafika theka. Kaya ndi phirili, kaya n'chiyani, ife pano sitingayalepo kanthu."

Anambewe adatulutsa mpweya wonse. Adafuna kululutira, koma adadzigwira. Adangokonza chitenje n'kufunsa mokweza ngati tsopano nsungwi ingazulidwe.

"Izulidwe ndithu, mayi," adatero injiniyayo akutseka laputopu. "Mwezi umene mwana wanu adatipempha watha. Tikubwerera pamalo amene adavomerezedwa poyamba paja. Zikhomo tikhoma Lolemba."

"Malo ati?"

Timoteyo adakhala pansi pamwala, kabokosi kali pamiyendo.

"Munda wa kumsewu, amayi. Ine ndimalimbana kuti atenge miyalayi, akusiyireni munda."