Zenera la Kalavani ya Apongozi

Dewald anayendetsa chikhadabo pa zenera la kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto, ndipo chinakodwa. Mazenera amenewa si agalasi, ndi apulasitiki, ndipo chikhadabo chikakodwa ndiye kuti kukalikako kwalowa mkati, polishi yekha sangathandize.

Kalavaniyo inali ya apongozi ake, bambo Stoffel Labuschagne, ndipo ankabwera kudzaitenga masana omwewo. Mkuluyu sankabwereketsa munthu ngakhale sipanala. Chikwatirireni Dewald mwana wawo Rentia, aka kanali koyamba kumukhulupirira ndi chinthu chawo, ndipo lamulo linali limodzi: pochokera kutchuthi ku Tshipise adutse msewu wa tala, asayerekeze kulowa njira yachidule ya m'mitengo yaminga. Koma pali amuna ena oti ukawaletsa njira ndiye kuti wawalozera. Dewald analowa yomweyo, ndipo nthambi zitayamba kukwapula kalavani anangokweza wailesi kuti Rentia asamve.

Tsopano atatsuka fumbi pabwalo la nyumba yake ku Polokwane, dzuwa la m'mawa linamuyalutsa. Pa zenera lakumbali panali mizere yoyera yambirimbiri, yopiringizana. Ananamizira kudwala mutu, Rentia ndi ana n'kupita okha kutchalitchi.

Anamata tepi pa labala wa m'mphepete, ananyowetsa sandipepa wosalala, n'kuyamba kukwecha mopepuka uku akuthira madzi. Zenera lonse linachita mbuu ngati lathiridwa mkaka. Ankadziwa kuti zimayamba choncho. Akanapitirira muyeso pulasitikiyo ikanapyapyala, ndipo zenera la kalavani yakale chotere sukanalipeza m'sitolo iliyonse.

Foni inalira. Anali Rentia, kumuuza kuti bambo ake anyamuka msanga ndipo adutsa kale Mokopane, aike madzi a khofi pamoto. Dewald anavomera ndi mawu a munthu wodwala, kenako anathamangira sandipepa wosalala koposa woyamba uja. Atatha anapaka polishi pakansalu kofewa n'kumazunguliza pang'onopang'ono, chifukwa ukapupuluma pulasitiki imatentha n'kupindika. Thukuta linkamulowa m'maso. Mbuu uja anayamba kuchoka, ndipo mtengo wa mandimu wa kuseri unaonekera bwinobwino.

Galimoto ya apongozi imalowa pageti iye akukankhira ndowa pansi pa kalavani.

Bambo Stoffel anapereka moni wa pakamwa pokha. Anazungulira kalavani manja ali kumbuyo, anamenya matayala ndi nsapato, anagwedeza chokokera. Atafika pa zenera lija anaima. Anavala magalasi, anasuzumira chakumbali, anabwerera m'mbuyo, n'kuyandikiranso. Nkhope yawo inasintha. Dewald anaona kuti basi, pali mzere umene waphonya, ndipo Khirisimasi iliyonse azidzaimva nkhaniyi nyama ili pamoto.

“Wachita chiyani ndi zenera ili?” anafunsa mkuluyo.

“Ndangolikonza pang'ono, bambo,” anayankha Dewald. “Linali ndi timizere. Onani nokha, palibe katsala.”

“Ndikuona kuti palibe.”

Mkuluyo anavula chipewa n'kukhala pa sitepe ya kalavani. Dewald anali atakonzekera kukalipiridwa, koma apongozi ake atayankhula mawu awo anali otsika, moti anachita kuwerama kuti amve.

“Malemu mayi ake a Rentia, tikangofika pamsasa, ankapukuta fumbi pamenepa ndi chikhatho, mphete ili kuchala. Chaka ndi chaka ndinkawakalipira kuti akuwononga zenera.” Anakweza dzanja n'kusisita pulasitiki yosalalayo. “Chiwaikireni m'manda, ndi pokhapa pamene ndinkaliona dzanja lawo.”